Mmene ndimafufuzira pa Google kuti bandulo isathere pachabe

Shopu yanga ili pafupi ndi depoti ya mabasi ku Balaka. Ndimakopera mapepala, ndimatayipa makalata ofunsira ntchito, ndimasindikiza zithunzi za pa chiphaso, ndipo pakona pali kompyuta imodzi yomwe anthu amalipira kuti alowe pa intaneti. Masiku ano ambiri ali ndi mafoni awoawo, koma amabwerabe, foni ili m'manja, n'kunena kuti, “Achemwali, ndafufuza koma palibe chikutuluka.” Kawirikawiri chimene akufunacho chimakhala chilipo ndithu. Chimene chimawasokeretsa ndi mawu amene alemba m'kabokosi kaja. Zimandiwawa kuona munthu atagula bandulo ndi ndalama yomwe akanagulira ndiwo, n'kuithera pa masamba osamuthandiza, n'chifukwa chake ndaganiza zolemba zimene ndimaonetsa anthu tsiku ndi tsiku.

Ndiyambe ndi bambo wina amene anabwera tsiku lina m'mawa, atavala jekete ngakhale kunali kotentha. Anagwira ntchito ya ulonda zaka 11 pa kampani ina, ndipo anamuchotsa popanda kumupatsa kalikonse kupatula malipiro a mwezi umenewo. Mdzukulu wake anamuuza kuti mayankho onse ali pa Google. Anandionetsa zimene analemba: “Pepani ndikufuna kudziwa ngati munthu wachotsedwa ntchito amalandira ndalama zingati chonde.” Zimene zinatuluka zinali maulaliki, nkhani za mpira ndi masamba ena osagwirizana n'komwe ndi vuto lake.

Ndinati, “Bambo, khalani apa tione limodzi. Mwalemba mwaulemu ngati mukulankhula ndi munthu, koma Google imagwira ntchito mosiyana. Iyo inayendera kale masamba ambirimbiri n'kusunga mawu amene ali pamenepo. Mukalemba mawu anu, imawayerekeza ndi mawu a pa masamba aja. Ndiye tiyeni tiganize: tsamba limene lili ndi yankho lanu analemba ndani, analemba m'chilankhulo chanji, ndipo anagwiritsa ntchito mawu ati?”

Anaganiza pang'ono n'kuti, “Mwanangu, ndiye kuti ndi aboma. Ndipo amalemba m'Chingerezi.”

Pamenepo ndiye pagona nkhani yonse. Lamulo lokhudza olembedwa ntchito kuno ndi Employment Act ya 2000, ndipo ndalama imene bamboyo amafunsa, lamuloli limaitcha severance allowance. Malamulo athu ndi zigamulo za makhoti zimapezeka mwaulere pa webusaiti ya MalawiLII. Ndiye tinalemba motere:

"severance allowance" Employment Act site:malawilii.org

Pa tsamba loyamba lomwelo panatuluka lamulolo ndi zigamulo za milandu ya anthu ena amene anadandaulapo za nkhani yomweyi. Tinasindikiza gawo 35 ndi ndandanda ya kumapeto yosonyeza kawerengedwe ka ndalamayo potengera zaka zimene munthu wagwira. Anapinda mapepalawo bwinobwino, kuwaika m'thumba la mkati mwa jekete, n'kunyamuka kupita ku ofesi ya zantchito ali ndi chogwira m'manja.

Pa mzere umodzi umenewu pali zida ziwiri, mitengero ndi site:, ndipo ndizifotokoza. Koma zida zimenezi sizithandiza ngati mawu enieniwo ndi olakwika, choncho ndiyambe ndachedwa pa nkhani ya mawu.

Musalembe funso limene lili m'mutu mwanu, lembani mawu amene mukuganiza kuti ali pa tsamba limene mukufuna. N'zoona kuti Google ya masiku ano imamvako mafunso athunthu, makamaka a m'Chingerezi, ndipo pa zinthu zodziwika monga likulu la dziko kapena zotsatira za mpira imayankha bwino. Koma pa zinthu zathu zakuno, zomwe masamba ake ndi ochepa, mawu aliwonse owonjezera amaikokera kwina. “Chonde”, “ndikufuna”, “kodi”, “ndithandizeni”, onsewa achotseni. Siyani mayina a zinthu, dzina la malo, ndi chaka ngati chikufunika. Mawu atatu kapena asanu osankhidwa bwino amaposa chiganizo chachitali.

Chichewa chathu chili ndi khalidwe lina lofunika kulidziwa. Ife timamatirira zambiri pa liwu limodzi: ndalima, tidzalima, osalima, kulimidwa. Kwa ife ndi ntchito imodzi, koma kwa makina amenewa angaoneke ngati mawu anayi osiyana. Ndiye pofufuza m'Chichewa ndimapewa aneni, ndimagwiritsa ntchito mayina. M'malo molemba “ndingalime bwanji soya” ndimalemba “ulimi wa soya” kapena “kalimidwe ka soya”, chifukwa umu ndi mmene mlangizi kapena mtolankhani angalembere pa mutu wa nkhani yake.

Nanga ngati liwu loyeneralo simukulidziwa? Apa ndi pamene ambiri amagwera ulesi, koma njira ilipo. Fufuzani kawiri. Ulendo woyamba cholinga chake si kupeza yankho, koma kupeza dzina la chinthucho. Ulendo wachiwiri ndiye wofuna yankho.

Mayi wina wa kumudzi kwathu anabwera mu Januwale ndi mitengo iwiri ya chimanga m'jumbo. Masamba anali obookabooka, ndipo m'kati mwa nsonga munali zonga utuchi wonyowa. Atafunyulula nsongayo munatuluka mbozi yonenepa, yotuwira. Anati, “Anthu akuti ndi ntchemberezandonda, ena akuti ndi kapuchi. Ndigule mankhwala ati?” Ulendo woyamba tinangolemba zimene maso athu amaona, m'Chingerezi chophweka: maize caterpillar holes leaves Malawi, kenaka tinadina pa Images kuti tione zithunzi. Pansi pa zithunzi zofanana ndi mbozi yathuyo, dzina limodzi linkabwerezedwabwerezedwa: fall armyworm, ndipo pambali pake Spodoptera frugiperda. Tinaiika mboziyo pa pepala loyera n'kuiyang'anitsitsa. Pamutu pake panali chizindikiro chonga Y wozondoka, ndipo chakumchira kunali timadontho tinayi takuda tokhala mwa makona anayi, monga mmene zithunzizo zimasonyezera. Mbozi imeneyi kwawo ndi ku America, inaoneka koyamba mu Africa mu 2016, ndipo pofika 2017 inali itasakaza minda kuno kwathu. Si yofanana ndi ntchemberezandonda zimene makolo athu ankazidziwa kale.

Dzina titalipeza, ulendo wachiwiri unali wachidule:

"fall armyworm" maize control smallholder site:fao.org

Tinapeza malangizo a FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, okhudza kuyendera munda pafupipafupi, kuyang'ana mazira pa masamba ndi kuwaphwanya, komanso nthawi imene kupopera kumathandiza. Ndinawauza mayiwo kuti asanagule mankhwala alionse akaonetse kwa alangizi a zaulimi a m'dera lawo, koma tsopano anapita akudziwa dzina la mdani wawo. Dzina la Chilatini lija limathandiza kwambiri pa tizilombo, mbewu, mitengo ndi nsomba, chifukwa ndi limodzi padziko lonse ndipo amene amalilemba nthawi zambiri ndi akatswiri. Ngati foni yanu ili ndi Google Lens, mungathenso kujambula chinthucho kuti ikupatseni mayina oyambira, koma muziyerekezabe ndi maso anu.

Tsopano mitengero, tizizindikiro tiwiri tija timene timatsekera mawu olankhulidwa m'nkhani. Mukatsekera mawu m'mitengero mukuiuza Google kuti mukufuna mawuwo ndendende, motsatana momwemo, osasintha kapena kusiyako lina. Popanda mitengero, severance allowance ikhoza kukubweretserani masamba amene ali ndi allowance yokha, monga ndalama za paulendo. Mitengero imathandizanso pa liwu limodzi lokha. Google imakonda kukonza mawu a Chichewa poganiza kuti mwalakwitsa Chingerezi, ndipo pamwamba imalemba kuti Showing results for, n'kuika liwu lina limene simunalembe. Liwu lanulo mukalitsekera m'mitengero imalisiya momwe liliri. Pa kompyuta palinso njira ina: dinani Tools, kenaka All results, n'kusankha Verbatim.

Ntchito ya mitengero imene ndimaikonda kwambiri ndi yogwira akuba. Achinyamata ambiri amabwera ndi uthenga wa pa WhatsApp wonena za mwayi wa ntchito kapena wa maphunziro, wokhala ndi chizindikiro cha bungwe lodziwika, ndipo kumapeto kwake amati tumizani ndalama ya fomu pa nambala yakuti. Mtsikana wina amene anali atangolemba MSCE anabwera kudzasindikiza kalata yofunsira ntchito yotereyi, ndalama yotumiza ili kale m'manja. Ndinati, “Dikira kaye, mng'ono wanga.” Ndinatenga chiganizo chimodzi cha pakati pa uthengawo, chachitali ndithu, ndinachikopera m'kabokosi n'kuchitsekera m'mitengero. Chinatuluka pa masamba angapo, mawu omwewo osasintha ngakhale limodzi, koma dzina la bungwe ndi la dziko zili zosiyana, ndipo pena anthu anali akuchenjezana kuti anaberedwa. Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anabweza ndalamayo m'kachikwama. Muzisankha chiganizo cha pakati, osati mutu, chifukwa akubawo amasintha mutu ndi nambala koma thunthu la uthengawo amangolikopera. Nambala ya foniyo nayonso mungaifufuze m'mitengero. Kusatuluka kanthu sikutanthauza kuti uthengawo ndi woona, ndiye pamafunikanso chida chachiwiri chija.

Chida chimenechi ndi site:, ndipo ndikanati ndisankhe chimodzi chokha chophunzitsa aliyense, ndikanasankha chimenechi. Chimaiuza Google kuti iyang'ane m'webusaiti imodzi yokha, kapena m'gulu limodzi la mawebusaiti. Mumalemba site, timadontho tiwiri, kenaka adiresi, popanda mpata pakati. Ndibwereze: popanda mpata. Makiyibodi ena a pa foni amaika okha mpata mukangolemba timadontho tiwiri, ndipo mpata umenewo umapha chidacho. Anthu ambiri amene amandiuza kuti “sizikugwira” vuto lawo limakhala limeneli. Mukalemba, bwererani muone.

Ngati uthenga ukunena kuti bungwe lakuti likulemba anthu ntchito, pezani adiresi yeniyeni ya bungwelo, kenaka lembani vacancy ndi site: ya adiresiyo. Ngati ntchitoyo ndi yoona, kawirikawiri imapezeka pamenepo. Pa nkhani za mayeso, site:maneb.edu.mw imakusiyirani zochokera ku MANEB zokha, osati mphekesera. Pa za msonkho pali site:mra.mw, pa za ndalama ndi mitengo yosinthira pali site:rbm.mw. Simukuyenera kudziwa adiresi yonse nthawi zonse, kumapeto kokha kumakwana. Mukalemba site:gov.mw mukufufuza m'mawebusaiti a boma lathu onse pamodzi, ndipo site:ac.mw imaphatikiza masukulu a ukachenjede monga UNIMA, LUANAR, MUBAS, MUST, KUHeS ndi Mzuni. Wophunzira amene akufuna kudziwa zoyenereza pa kosi ya unamwino angalembe:

nursing entry requirements site:ac.mw

Mayiko ena nawonso ali ndi mathero awo: Zambia ndi .zm, Mozambique ndi .mz, South Africa ndi .za. Izi n'zofunika kwa amene akukonza ulendo. Pa nkhani ya ziphaso zokhalira kapena zogwirira ntchito ku Joni, ndimauza anthu kuti awerenge kaye zochokera ku Home Affairs komweko polemba site:dha.gov.za, ndipo amene akumva za ntchito zosamalira odwala ndi okalamba ku Britain ayambe ndi site:gov.uk. Malamulo a ziphasozi amasinthasintha, ndipo munthu amene akukulonjezani kuti akukonzerani zonse mukamupatsa ndalama sangakuuzeni zimene zasintha. Tsamba la boma limenelo limanena poyera zoyenereza ndi ndalama zenizeni zolipira.

Chenjezo limodzi: si webusaiti iliyonse ya ku Malawi imene imathera ndi .mw. Nyuzipepala ya Nation ili pa mwnation.com, Nyasa Times ili pa nyasatimes.com, pamene Times ili pa times.mw. Ndiye mukalemba site:mw mukhala mwatsekera kunja nkhani zambiri zakwathu. Pofuna nkhani ya m'nyuzipepala ndi bwino kutchula webusaiti yakeyo. Ndimagwiritsanso ntchito site: ngakhale pa mawebusaiti amene ali ndi kabokosi kawokawo kofufuzira, chifukwa timabokosi tambiri totere sitipeza bwino zinthu, ndipo masamba ake amachedwa kutseguka netiweki ikakhala yofooka.

Chizindikiro chochotsera, kamzere kaja timati mayinasi, chimataya zimene simukuzifuna. Chimamatirira ku liwu lotayidwalo, mpata umabwera musanalembe kamzereko, osati pakati pa kamzereko ndi liwulo. Mayina a malo athu ambiri ali ndi anzawo kunja. Blantyre wathu anatchedwa potengera Blantyre wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ndiye mukafufuza nyengo kapena nyumba za lendi mungadzapezeke mukuwerenga za ku Ulaya. Limbe aliponso ku Cameroon. Ngakhale chambo, nsomba yathu ya m'nyanja, ili ndi mnzake wa dzina, tauni ya Chambo ku Ecuador. Mungalembe:

Limbe market -Cameroon

Koma kunena zoona, mayinasi ndimaigwiritsa ntchito mosamala, ndipo nthawi zambiri ndimayamba ndi kuwonjezera liwu m'malo mochotsa. Kulemba Limbe Malawi kumathetsa vutolo popanda kutaya kanthu. Taganizirani za kwacha, imene ndi dzina la ndalama yathu komanso ya ku Zambia. Mukalemba kwacha -Zambia mwataya tsamba lililonse limene latchula Zambia penapake, kuphatikizapo nkhani zabwino za kwacha yathu zimene zangotchula anansi athuwo podutsa. Koposa ndi kulemba MWK, chidule cha kwacha ya Malawi, pamene ya ku Zambia ndi ZMW. Mayinasi imathandiza kwenikweni mukaona kuti chinthu chimodzi chadzaza tsamba lonse la zotsatira. Mungaiphatikizenso ndi site: kuti mutaye webusaiti yonse imene ikukutsekerezani, monga -site:pinterest.com pofufuza masitayilo osokera zitenje, pamene mukufuna malangizo a kadulidwe osati zithunzi zokha.

Liwu loti OR, lolembedwa m'zilembo zazikulu zonse, limaiuza Google kuti ili kapena ilo, lililonse likwana. Mukalilemba m'zilembo zazing'ono imaliona ngati liwu wamba. Kwa ife ndi lofunika chifukwa kalembedwe kathu sikamodzi. Ena amalemba ntchemberezandonda pamodzi, ena amalekanitsa. Chilankhulo chathu chomwechi ena amachitcha Chichewa, ena Chinyanja, ndipo mabuku akale ndi a ku Zambia amangoti Nyanja. Amene akufuna mtanthauziramawu angalembe:

dictionary Chichewa OR Chinyanja OR Nyanja

Momwemonso nsima OR nshima, ngati mukufuna kuphatikiza zolemba za abale athu a ku Chipata ndi Lusaka.

Ophunzira ndi aphunzitsi chida chawo ndi filetype:. Malipoti, mafomu, masilabasi ndi mabuku ambiri saikidwa ngati masamba wamba koma ngati mafayilo a PDF, ndipo m'zotsatira wamba amakwiririka pansi. Mukawonjezera filetype:pdf mumatsala ndi mafayilo okhaokha. Mphunzitsi wina wa sekondale ankafuna chiwerengero cha anthu a m'boma lathu kuti aphunzitsire ana zenizeni. Tinalemba:

2018 population and housing census Malawi district filetype:pdf

Tinapeza lipoti la National Statistical Office la kalembera wa 2018, amene anapeza kuti m'dziko muno munali anthu 17,563,749, ndipo m'kati mwake muli matebulo a boma lililonse. Lipoti lotere ndi lalitali, ndiye musaliwerenge kuyambira pachikuto. Pa kompyuta dinani Ctrl ndi F pamodzi, lembani Balaka, ndipo ikulumphitsani pamalo alionse pamene dzinalo lili. Pa foni, mu Chrome, dinani timadontho titatu ta pakona n'kusankha Find in page, ndipo mapulogalamu otsegulira PDF amakhala ndi kagalasi kofufuzira. Njira imeneyi yokha imapulumutsa maola. Imakanika pa mafayilo amene anangojambulidwa pa makina ngati zithunzi, chifukwa m'menemo kompyuta siona zilembo, ndipo zikalata zambiri zakale zili choncho. Ngati mukufuna matebulo oti muwerengetsere nokha yesani filetype:xlsx, ndipo pa zitsanzo za makalata oti musinthe, filetype:docx. Mafayilo ena ndi aakulu kwambiri, ndiye bandulo ikakhala yochepa onani kaye kukula kwake musanapange dawunilodi.

Kwa ana a sukulu ndiwonjezere ichi. Kulemba MSCE Biology past paper filetype:pdf kuti mupeze mayeso a zaka zapitazo n'kwabwino, ndi njira yokonzekera. Koma aliyense amene akugulitsa pa intaneti zimene akuti ndi mayeso a chaka chino, muthaweni. Akubani ndalama, ndipo kupezeka ndi zinthu zotere ndi mlandu umene ungakuwonongereni zaka zonse zimene mwakhala pa sukulu.

Nkhani ya masiku ndi imene imapweteka anthu mwakachetechete. Google imaika pamwamba tsamba limene ikuliona kuti ndi lodalirika, osati limene ndi latsopano. Munthu amafufuza mtengo wa feteleza, n'kupeza nkhani yolembedwa bwino, osaona kuti ndi ya zaka zinayi zapitazo. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndiye mtengo uliwonse wolembedwa nthawi imeneyo isanafike ndi mbiri chabe. Ngakhale dzina la ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo linasintha: FISP imene inayamba mu 2005 inalowedwa m'malo ndi AIP mu 2020, ndipo dzina limene mwalemba ndi limene lisankhe zaka za nkhani zimene mupeze. Pofuna zatsopano zokha pali after: ndipo pofuna zakale pali before:, zotsatiridwa ndi chaka, kapena chaka, mwezi ndi tsiku:

fertilizer price Malawi NPK urea after:2024-09-01

Mungaziphatikize ziwirizi kuti mutsekere nyengo imodzi. Wophunzira wina ankalemba za namondwe wa Freddy amene anakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ndipo ankafuna zimene zinkalembedwa masiku omwewo, osati zokumbukira za pambuyo pake. Tinalemba "Cyclone Freddy" Mulanje after:2023-03-10 before:2023-04-01, ndipo tinapeza nkhani za masabata amenewo. Ngati kulemba manambala kukuvutani, pansi pa Tools pali Any time pamene mungasankhe sabata yatha, mwezi watha kapena chaka chatha. Masiku amenewa Google imachita kuwayerekeza kuchokera pa tsambalo ndipo nthawi zina imaphonya, choncho mukatsegula nkhaniyo yang'anani deti lake ndi maso anu.

Pali tizida tina tiwiri timene ndimatigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Intitle: imafuna kuti liwulo likhale pa mutu wa tsamba, monga intitle:scholarship Malawi 2025, ndipo imathandiza kutaya masamba amene angotchula liwulo podutsa. Kanyenyezi, komwe kaja timayambira pogula mayunitsi, kakakhala m'kati mwa mitengero kamaimira liwu limene mwaiwala. Mwana wina wa Sitandade 8 anaiwala pakati pa mwambi, tinalemba "mutu umodzi * denga", ndipo susenza anatuluka.

Zotsatira zikabwera, musathamangire choyamba. Zimene zili pamwamba zolembedwa kuti Sponsored ndi zotsatsa malonda, eni ake analipira kuti zikhale pamenepo. Kuyambira 2024 Google inayambanso kuika pamwamba yankho lolembedwa ndi makina a AI. Limawerengeka bwino ndipo nthawi zina limathandiza kupeza liwu loyenera lija, koma pa nkhani za malamulo athu, mankhwala ndi mitengo ndaliona likusakaniza za mayiko ena ndi zakuno. Ine ndimatsika n'kutsegula tsamba lenilenilo. Musanadine, werengani adiresi imene ili pamwamba pa mutu ndi timizere tiwiri ta pansi pake. Kuwerenga kumeneku sikudya bandulo, kutsegula masamba asanu olakwika ndiye kumadya.

Mukapeza malangizo akale okhudza zida zimenezi, dziwani kuti zina zinafa. Chizindikiro chophatikizira chimene kale chinkakakamiza liwu chinachotsedwa mu 2011, ntchito yake inapita ku mitengero. Cache:, imene inkaonetsa tsamba monga Google inalisungira, inachotsedwa mu 2024. Tsamba likakana kutseguka kapena likachotsedwa, koperani adiresi yake n'kukaiika mu Wayback Machine pa archive.org, mwina analisungako. Mitengero, mayinasi, site: ndi filetype: zimagwiranso ntchito pa makina ena ofufuzira monga Bing ndi DuckDuckGo, ndipo nthawi zina kumeneko kumatuluka tsamba limene Google sinaonetse.

Mukaunjika zida zambiri pa mzere umodzi, Google ikhoza kunena kuti palibe chimene yapeza. Musayambirenso pachiyambi. Chotsani chida chimodzi n'kuyesanso, kenaka china. Ine ndimayamba kuchotsa masiku, kenaka filetype:, kenaka ndimafupikitsa mawu a m'mitengero, chifukwa chiganizo chachitali chikasiyana ndi cha pa tsamba ngakhale ndi chilembo chimodzi sichipezeka. Site: ndimaichotsa pomaliza. Mzere umene wagwira bwino ntchito ndimausunga mu Notes pa foni, kuti tsiku lina ndidzangosintha liwu limodzi.

Zikakanikabe, mwina chinthucho sichili pamene Google imafika. Zambiri zakwathu zimalengezedwa pa wailesi, zimayenda m'magulu a WhatsApp amene Google siwaona n'komwe, kapena zili pa Facebook pamene imaonako pang'ono chabe. Pa zoterezi fufuzani m'kabokosi ka Facebook komweko, pa tsamba la bungwe limene mukulifuna. Mwezi watha mnyamata wina ankafuna mndandanda wa mayina a oitanidwa ku mayeso a ntchito ina ya m'boma lathu lino. Tinayesa mitengero, site:, filetype: ndi masiku, osapeza kanthu. Ndinamuuza kuti asunge bandulo yake akwere kabaza apite ku ofesiko. Anabwerako madzulo ndi chithunzi pa foni: mapepala atatu omatidwa pa bolodi ya pakhonde, dzina lake lili pa nambala 27, ndipo anandipempha kuti ndimukopere masatifiketi ake awiriawiri chifukwa mayesowo anali Lachinayi.